Ophunzira Achonga Mphunzitsi Wawo

1. Envulopu ya khaki

Linali Lachinayi, tsiku lomaliza kulowa m'kalasi teremu imeneyo. Kadzidzi anafika pakoleji ali wefuwefu, kope lili pamutu chifukwa cha dzuwa. Dzina limeneli anamupatsa anzake poona magalasi ake aakulu ozungulira, ndipo iye anasiya kalekale kukwiya nalo. Iyeyu ndiye anali mtsogoleri wa kalasi ya chaka choyamba.

Asanafike pamasitepe, amayi a mu ofesi anamukodola pakawindo kawo.

"Iwe mtsogoleri, tabwera kuno. Tenga envulopu iyi. Muli mafomu makumi anayi, aliyense yake, ndi imodzi yapadera ngati wina alakwitsa. Ndi a phunziro la kalembedwe. Lero ndinu amene muchonge mphunzitsi."

"Ife kuchonga aphunzitsi?" anadabwa Kadzidzi.

"Wamva bwino. Iwo atuluke panja, inu mulembe. Osalemba dzina, osaonerana. Mukamaliza umate envulopu, ubwere nayo kuno. Mawa teni koloko ndikutseka bokosi."

Kadzidzi anatsegula pakamwa kuti afunse kumene mafomuwo amapita, koma foni ya patebulo inalira, amayiwo n'kutseka kawindo. Mtsikanayo anangoika envulopu m'khwapa n'kukwera masitepe. Paja amati safunsa anadya phula.

2. A Chofiira

Tsono kuti mumvetse chisokonezo chimene chinagwa tsiku limenelo, muyambe mwawadziwa aphunzitsi akewo.

Anali bambo wamtali, woonda, wa jekete lotuwa ndi choko. M'thumba la malaya munkakhala zolembera zofiira zitatu, n'chifukwa chake ophunzira ankawatchula kuti a Chofiira. Chimangirizo chako chikapita kwa iwo chinkabwerako chili psuu, ngati pamene azingira nkhuku.

Tsiku loyamba lenileni anaima kutsogolo n'kunena mawu amene aliyense anawaloweza pamtima.

"Ana inu, tamverani. Munthu akawerenga chimangirizo chanu n'kunena kuti 'zili bwino', ameneyo sanawerenge. Wangoyendetsa maso ngati munthu wodutsa mumsika alibe chogula. Kuyamikira n'kosavuta, ngakhale wosinza atha kuyamikira. Koma amene wakupezerani zolakwa zitatu, ameneyo wakhala pansi, wataya nthawi yake, wakulemekezani. Wakutsina khutu ndi mnansi. M'kalasi muno sindifuna kumva mawu akuti 'bwino'. Mukapatsidwa pepala la mnzanu, mumupezere zolakwa zitatu, ndipo muloze ndi chala pamene zili."

Za malikisi anali ndi lamulo lawonso.

"Ine ndimachonga pa asanu. Asanuwo ndi a Mulungu yekha. Anayi ndi a anthu amene anamwalira, poti iwo sangakonzenso zolemba zawo. Atatu ndi a munthu wamoyo amene wakhetsa thukuta. Awiri ndiye kuti muli panjira, musakhale pansi. Tsiku limene ndidzakupatseni asanu, mudzadziwe kuti ndatopa nanu."

Masabata oyamba ophunzira ankawada koopsa. Ena ankalira, ena ankang'amba mapepala kuseri kwa kalasi. Koma pofika kumapeto, mwana amene sankatha kulumikiza ziganizo ziwiri anali akulemba masamba atatu omveka bwino. Teremu yonse anthu anayi okha ndi amene anapatsidwako malikisi atatu. Kadzidzi anali mmodzi wa iwo, ndipo tsiku limenelo anathamanga mpaka kwawo, kuiwala kukwera basi.

Kunena zoona, kalasi imeneyo inkawakonda a Chofiira kuposa mphunzitsi wina aliyense pakolejipo.

3. Kuchonga

A Chofiira ataona envulopu anatola mabuku awo. "Ndamva kuti lero nkhwangwa ili m'manja mwanu," anatero akumwetulira. "Ndili panja. Mundichonge mwachilungamo."

Kadzidzi anagawa mafomu. Fomu iliyonse inali ndi mafunso khumi, ndipo funso lililonse linali ndi timabokosi tisanu. Pansi pa nambala 1 panalembedwa kuti "moipa kwambiri", pansi pa nambala 5 panalembedwa kuti "bwino kwambiri". Kumunsi kunali malo opanda kanthu olembapo ndemanga.

Aliyense ankayang'ana fomu, kenaka n'kuyang'ana mnzake.

Woyamba kulankhula anali Tsabola, mnyamata wamfupi wolongolola amene ankakhala benchi imodzi ndi Kadzidzi.

"Anthuni, mwaona mawu ali pansi pa nambala 5? 'Bwino kwambiri.' Mawu oletsedwa aja! Uwu ndi msampha. A Chofiira akufuna aone ngati tinamva zimene akhala akutiphunzitsa."

"Ine ndimati ndiwapatse asanu," anatero mtsikana wina kumbuyo.

"Asanu? Watopa nawo?"

"Ayi! Chabwino, anayi."

"Iii, ukufuna kuwaika m'manda ali moyo?"

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Kadzidzi anamenya tebulo ndi dzanja. "Amayi a mu ofesi ati tisaonerane!" Palibe anamumva. Ena anali ataimirira kale, ena akukangana ngati nambala 1 ili kumwamba kapena pansi.

Kenaka onse anatembenukira kwa iye. "Iwe ndiwe mtsogoleri. Tichite bwanji?"

Kadzidzi anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Mutu wake unali utaima ngati wa anzakewo. Pomaliza anati, "Tichite monga anatiphunzitsira. Malikisi a munthu wamoyo, ndi zolakwa zitatu."

Eee, mukanaona mmene anagwirira ntchito ana amenewo! Sanalembepo mayeso ndi mtima wonse chotero. Aliyense ankafuna kuti a Chofiira aone kuti wawalemekeza, ndipo wopeza cholakwa chatsopano ankachiwerenga mokweza.

"Akakondwa amalankhula mothamanga, mawu omaliza amawameza!"

"Akamalemba pabolodi mizere imatsetsereka, chiganizo chimathera pansi!"

"Zimangirizo zathu zimabwera ndi madontho a tiyi!"

"Sabata yachisanu anatisokoneza pa za ndime yomaliza, ndipo sanabwererenso!"

"Nthabwala yawo ya mbuzi taimva kanayi!"

Ambiri anachonga atatu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Tsabola anachonga awiri, ati kuti munthu wamkuluyo asadzimve. Onse atamaliza anaponya mafomu patebulo la Kadzidzi, kunyamula zikwama, n'kuthamangira mabasi. Tchuthi chinali chitayamba, ndipo ambiri kwawo kunali kutali.

4. Lamulo latsopano

Kadzidzi anatsikira ku ofesi kukapempha guluu womatira envulopu. Amayi aja anali akudinda mapepala. Pamene ankafunafuna guluu m'dirowa, mtsikanayo anafunsa funso limene akanafunsa m'mawa muja.

"Amayi, kodi mafomuwa akachoka pano amapita kwa aphunzitsi?"

"Kwa aphunzitsi? Ayi. Amapita kwa mkulu wa koleji. Chaka chino kwabwera lamulo latsopano. Manambala onse timawalowetsa m'kompyuta. Mphunzitsi wa kontirakiti akapanda kufika pa anayi, teremu yamawa sabweranso."

"Nanga aphunzitsi athu a kalembedwe ndi a kontirakiti?"

"Eya, ya chaka chimodzi chimodzi."

Kadzidzi anagwira mwamphamvu thabwa la pakawindo. "Tsono munthu akapeza atatu?"

"Atatu? Ameneyo ndiye kuti ana amukana. Alongedze."

"Nanga atatuwo akakhala achikondi?"

Amayiwo anasiya kufunafuna guluu. "Achiyani?"

"Achikondi. Aulemu."

"Mwanawe, wadya lero? Kompyuta sidziwa chikondi. Atatu ndi atatu."

"Koma iwowo lamuloli akulidziwa?"

"Kalata tinawaikira m'kabokosi kawo mwezi watha. Koma kabokosi ka bambo amenewo akangaude anamangamo nyumba, sakatsegula. Bwera nayo envulopuyo ndimate ndekha."

Kadzidzi anabwerera m'mbuyo. "Ndibwera nayo mawa."

"Watuwa bwanji nkhope? Chabwino, mawa teni koloko. Ikakwana teni ndi mphindi imodzi usandipeze."

Panja anapeza Tsabola akumwa madzi pampopi. Atamufotokozera, mnyamatayo anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Mayo ine! Tawapha! Ndipo ine ndi awiri anga aja ndiye ndakhomerera msomali!"

Anayesa kutumiza uthenga pagulu la kalasi la pafoni. Anayankha anthu asanu okha. Atatu anatumiza tinkhope toseka, poganiza kuti ndi nthabwala za Tsabola. Wina anafunsa ngati tsopano nambala 1 ndiye yabwino. Wina anati ali m'basi, foni ikuzima.

Tsabola anayendayenda, kenaka anaima. "Aise, njira ilipo. Fomu yapadera ija ili m'envulopumo, eti? Tikaipange fotokope kutsidya kwa msewu, makumi anayi. Tigule zolembera zosiyanasiyana. Ena tilembe ndi dzanja lamanzere. Asanu okhaokha. Akalewa tiwotche."

"Limenelo ndi bodza, Tsabola."

"Bodza lili pati? Funsa aliyense m'kalasi mwathu ngati akufuna a Chofiira achoke. Palibe! Atatu athu aja, m'chilankhulo cha mu ofesi ndi asanu. Ife tikungomasulira. Bodza lenileni ndi limene lili m'khwapa mwakomo, chifukwa likunena kuti tawakana pamene sitinawakane."

Kadzidzi anayang'ana envulopu. Mafomu oona ankanena zabodza, ndipo mafomu abodza akananena zoona. Anakhala pansi pamwala.

"Ndiganize kaye," anatero.

Tsabola anapisa dzanja m'envulopu n'kusolola fomu yapadera ija. Kadzidzi anaona, koma sanamuletse.

5. Pamakina osokera

Amayi ake a Kadzidzi anali telala. Kashopu kawo kanali kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya nsapato, kodzaza nsalu mpaka kudenga. Mtsikanayo anawapeza akupinda siketi ya yunifolomu, mapini ali pakamwa.

Anakhala pampando wa makasitomala n'kufotokoza zonse. Amayiwo analavulira mapini m'dzanja.

"Tandiyambirenso. Mwawapatsa atatu chifukwa mumawakonda?"

"Eya."

"Mukanawada mukanawapatsa angati?"

"Asanu."

"Ndiye ku ofesi akufuna angati?"

"Anayi kapena asanu."

"Tsono ku ofesi akufuna aphunzitsi odedwa?"

"Ayi amayi, kwa iwo asanu ndi abwino."

"Ha! Sukulu imeneyi ndimayesa mukukatsegula mitu, kani mukukaitseka." Anapukusa mutu. "Pitiriza."

Koma atamva za fotokope ndi dzanja lamanzere, nthabwala zinatha. Anachotsa phazi pamakina, kutembenuza mpando, n'kumuyang'ana mwana wawo m'maso.

"Mwana wanga, tchera khutu. Iwe usanabadwe ine ndinkagwira ntchito kufakitale ya zovala. Pakhomo panali buku, aliyense polowa ankasaina. Ukajomba katatu, ntchito yatha. Tinali ndi mnzathu wina, mayi wa ana anayi, mwana wake anagonekedwa m'chipatala. Anajomba kawiri. Tsiku lachitatu mtsikana wina wa mtima wabwino anati, 'Ndimusainira.' Anaphunzira siginecha yake m'chimbudzi, n'kukasaina. Tonse tinaona, tonse tinakhala chete, tinkati tikuthandiza.

"Sipanathe sabata kapitawo anazindikira. Ukudziwa amene anayamba kuchotsedwa? Si wosaina uja ayi. Anayamba ndi mayi wa ana anayi uja. Mabwana anati ndiye anatuma. Analumbira, analira, anabweretsa ndi makalata a kuchipatala, koma ndani akanamukhulupirira? Akanangojomba, mwina akanapita kukadandaula ndi makalata akewo n'kumveredwa. Koma atamusainira, analibenso pakamwa. Anachoka ndi dzina la wakuba, pamene iye sankadziwa n'komwe. Chifundo chinapha nkhwali, mwana wanga.

"Tsono iwe ukalemba ndi dzanja la anzako, zikadziwika, sadzati Kadzidzi ndi Tsabola. Adzati mphunzitsi anatuma ana. Ntchito munthu amaipeza ina, koma dzina likada silichapika. Ndipo zoterezi zimadziwika. Anthu makumi anayi sangasunge chinsinsi, ngakhale awiri chimawalemera."

Kadzidzi anayamba kulira. "Nanga ndingopereka mafomuwa? Ndine ndinawauza anzanga kuti achonge atatu. Ndine, amayi!"

"Ndamva kuti ndiwe."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Ine ndimasoka zovala, za makoleji sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti pakamwa uli napo, dzanja uli nalo, dzina ndinakupatsa. Ngati uli ndi mawu, unene ndi zako, osati za eni ake. Tandipatsira sizasi iyo."

Makina anayambanso kulira. Kadzidzi anasuntha nsalu pakona ya tebulo lodulira, kung'amba pepala m'kope mwake, n'kuyamba kulemba. Analemba, kufufuta, kulembanso, mpaka amayi ake anati atseke shopu dzuwa lisanalowe.

6. Mu ofesi ya a Chofiira

M'mawa mwake Kadzidzi anafika pakoleji nthawi ya naini. Tsabola sanaoneke, ndipo foni yake inali yozima. Mtsikanayo anakwera kukachipinda ka a Chofiira kuti mwina awachenjeze.

Anawapeza atakwera pampando, akuika mabuku pashelefu, akuimba kanyimbo ka m'mphuno.

"Lowani, mtsogoleri! Mwabwera bwino. Tagwirani bokosi ilo. Amenewa ndi mabuku a teremu yamawa. Chaka chachiwiri tiyamba kulemba nkhani zazitali, mukonzekere kulira."

"Aphunzitsi, ndabwera pa nkhani ya mafomu aja."

A Chofiira anatsika pampando msangamsanga n'kukweza dzanja.

"Imani pomwepo. Envulopu imeneyo ndisaione, ndipo za m'kati mwake ndisazimve mpaka itafika kumene ikupita. Tamverani, mwana wanga. Wochongedwa akayamba kunong'onezana ndi wochonga, malikisiwo afa. Inu mukanamva bwanji mnzanu akanabwera kuno madzulo kudzakambirana nane za chimangirizo chake ndisanachonge? Mukanati pali chinyengo, ndipo mukanalondola. Lero ine ndiye wophunzira. Ngati mwandikwapula, ndikwapuleni, ndi mmene munthu amakulira. Ndakhala ndikutsina makutu anu miyezi inayi, anganso atsinidwe."

"Koma aphunzitsi, kabokosi kanu ka makalata..."

"Kabokosi kaja? Mumangokhala timapepala ta misonkhano. Ndidzakatsegula tsiku lina." Anaseka. "Masiku ano ndilibe nthawi. Sabata yatha ndasamutsa banja langa, abwera kuno onse, mayi ndi ana awiri. Ndinatopa n'kukhala ndekha ngati mlonda. Wamkulu ndamupezera kale malo pasukulu ya pafupi apa."

Kadzidzi anafuna kukuwa, koma a Chofiira anali atamutsegulira kale chitseko.

"Thamangani, nthawi ikutha. Zolemba zochedwa sindizikonda, mukudziwa."

7. Teni koloko

Pakawindo panalibe mzere. Kadzidzi anatulutsa envulopu ya mafomu enieni aja, yomata bwino, ndipo pamwamba pake anali ataphatikizapo pepala limodzi ndi pini ya amayi ake.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa amayi a mu ofesi.

"Kalata yanga, yopita kwa mkulu wa koleji."

Amayiwo anakweza magalasi n'kuwerenga motsitsa mawu.

"Bwana, m'kalasi mwathu malikisi atatu ndiwo apamwamba kwa munthu wamoyo, ndipo kutchula zolakwa zitatu ndi ulemu. Tinaphunzira choncho, ndipo tachonga choncho. Sitinadziwe kuti ku ofesi mumawerenga mwina. Amene anauza kalasi kuti ichonge chotero ndine. Palibe mmodzi wa ife amene akufuna kuti aphunzitsi athu achoke. Chonde tiitaneni tonse mutifunse."

Pansi pake panali dzina lake lonse ndi nambala yake ya pakoleji.

Amayiwo anaika pepalalo pansi n'kupumira m'mwamba. "Kani chikondi chija n'chimenechi! Mwanawe, ukudziwa chimene walemba? Mafomu awa salembedwa mayina pa chifukwa. Ndinakuuza ndi pakamwa panga kuti osaonerana. Iwe pano wavomera, ndi dzina lako, kuti munakambirana, ndiponso kuti unawauza anzako chochonga. Umenewu ndi mlandu. Utsogoleri akhoza kukulanda, mwinanso kukuimitsa sukulu. Ndipo palibe angakulonjeze kuti kalatayi ipulumutsa aphunzitsi ako. Mkulu wathu amakhulupirira manambala kuposa anthu. Ine ndine mayi, ndili ndi ana ngati iwe. Chotsa pepalali, upereke envulopu yokha, ine sindinaone kanthu."

Kadzidzi mantha anali nawo, osati pang'ono. Anayang'ana wotchi ya pakhoma, inali itatsala mphindi zisanu.

"Dindani, amayi," anatero.

"Watsimikiza?"

"Sindikudziwa ngati ndikuchita bwino. Koma dindani."

Chidindo chinagwa, phaa! Amayiwo anatsegula bokosi kuti aikemo envulopu, kenaka anaima. Anapisa dzanja n'kutulutsa envulopu ina ya khaki, yonenepa chimodzimodzi.

"Dikira kaye. Iyi ndaipeza pansi pa chitseko m'mawa, ndinangoiponya muno osayang'ana. Palembedwa kuti 'Kalembedwe, chaka choyamba'." Anayang'ana ina, kuyang'ananso inzake. "Kalasi yanu ili ndi anthu angati?"

"Makumi anayi."

"Nanga mafomu ena makumi anayiwa achokera kuti?"

Kadzidzi anacheuka. Kumapeto kwa khonde, kuseri kwa chipilala, kunali Tsabola. Zala zake zinali bii ndi inki yamitundumitundu. Maso awo atakumana, mnyamatayo anayang'ana pansi.

Amayi a mu ofesi sanafunsenso. Ananyamula maenvulopu onse awiri pamodzi ndi kalata ija n'kulowa m'chipinda cha mkulu wa koleji. Patapita kanthawi anatuluka nkhope ili gwa, n'kutuma mlonda kuti akaitane mphunzitsi wa kalembedwe.

"Iwe khala pabenchi apo. Mkulu akufuna nonse awiri, iwe ndi aphunzitsi ako."

A Chofiira anatsika masitepe akupukuta choko pajekete, osadziwa kanthu. Anakhala pabenchi pafupi ndi Kadzidzi n'kuyang'ana bokosi lotseka lija.

"Mwapereka?" anafunsa.

"Ndapereka, aphunzitsi."

"Basi, tsopano palibe choletsa." Anasendera pafupi n'kutsitsa mawu ngati mwana wofunsa zotsatira za mayeso. "Tandinong'onezani. Mwandipatsa angati?"

Misozi inali itadzaza kale m'magalasi a Kadzidzi.

"Atatu, aphunzitsi."

"Atatu?" A Chofiira anagwira pamtima. Nkhope yawo inawala ngati ya munthu amene wamva kuti kwawo kwabadwa mwana. "Ine? Atatu? Kalasi yonse?"

"Pafupifupi yonse."

"Ana inu! Zaka khumi ndi ziwiri ndikuphunzitsa, palibe anandilemekezapo chotere. Ndikawauza mayi kunyumba, sakakhulupirira!"

Chitseko cha mkulu wa koleji chinatseguka. Patebulo lake panali milu iwiri ya mafomu, wina wa atatu, wina wa asanu.

"Lowani," anatero mkuluyo, osamwetulira. "Aphunzitsi, muyambe ndinu. Mundiuze kuti mwa milu iwiriyi, umene munatuma ana kuti alembe ndi uti."